A Sajeni m'nkhokwe ya odwala

Mwezi uno takwanitsa chaka chiikireni a Sajeni m'manda. Dzina lawo laubatizo linali Damiyano, koma ambiri tinalimva koyamba pamaliro pomwepo ansembe akulitchula, mpaka mayi wina pambali panga anandinong'oneza kufunsa ngati pamwalira anthu awiri. Kwathu kuno, pamwamba pa zitunda zoyang'anizana ndi Chezi, mwana aliyense ankabadwa n'kuwapeza ali kale a Sajeni. Ine si m'bale wawo. Ndine mmodzi chabe mwa amayi amene ankakalipiridwa nawo chaka ndi chaka chifukwa chomata nkhokwe mwaulesi, ndipo ndikulemba izi chifukwa munthu wotere sindinamuonenso.

Anali aatali, owuma thupi, oyenda ngati akuchedwa kwinakwake. Nsapato zawo za usilikali ankazipukuta m'mawa uliwonse, ngakhale tsiku lopita kudimba kumene matope amalekeza m'mawondo. Mawu awo ankawoloka dambo. Akati akalipire mbuzi yawo, ana a tsidya lina ankasiya kusewera n'kuyamba kudzifufuza chimene alakwa. Usilikali sanaunyozepo ngakhale tsiku limodzi. Tikakhala pamsewu waukulu kudikira minibasi, malole a asilikali n'kumadutsa kulowera cha ku Mvera, iwo ankaimirira njo, chipewa kumanja, mpaka lole yomaliza itazimiririka.

Koma munthu yemweyo ukamupeza pakhonde nthawi imene wailesi ikufotokoza mmene boma lagawira ndalama za chaka, unkaona nsagwada zikugwedera. Ankati dziko liyenera kukhala ndi asilikali monga nyumba iyenera kukhala ndi chitseko, koma chitseko cholimba n'chachani ngati anthu akufera m'kati. Ankati mfuti amaidzoza mafuta tsiku ndi tsiku ngakhale ithe zaka osalira, ndipo palibe amadandaula, pamene mayi woyembekezera amayamba wafunsidwa za m'thumba asanamugoneke pabedi. Ali mnyamata anatumizidwa ku Mozambiki kukalondera njanji. Za nkhondoyo sankakonda kukamba, kupatula chinthu chimodzi: anzawo amene iwo anawanyamulapo pa machila, ambiri anagwetsedwa ndi malungo ndi kutsegula m'mimba, osati chipolopolo. Ndipo ku usilikaliko ukadwala sankakufunsa kuti uli ndi zingati, ankangofunsa dzina. Iwo ankafuna dziko lonse litakhala choncho, aliyense n'kumaponyamo kenakake akadali bwino, kuti tsiku logwa angofunsidwa dzina. Aphunzitsi a pasukulu yathu atawauza kuti zimenezo kutauni amazitcha inshuwalansi, anayankha kuti azitche mmene angafunire, bola munthu achire.

Mudzi wathu galimoto siifikako mvula ikagwa. Odwala timatsika nawo pangolo, kapena pa machila ngati ngolo yakanika. A Sajeni anasandutsa ntchito ya machila kukhala perete. Loweruka masana ankasonkhanitsa amuna a m'mudzi, n'kuika thumba la chimanga pa machila, pamwamba pake beseni lodzaza madzi. Madzi akatayika, ulendo unkayambiranso pamwamba pa chitunda. Chodabwitsa n'chakuti munthu amene anatha moyo wake akuguba mwendo umodzi ndi anzake ankaletsa zimenezo kotheratu. Ankati onyamula machila akaponda limodzi, wodwala amakankhika uku ndi uku, choncho wakutsogolo akaponda ndi lamanzere, wakumbuyo aponde ndi lamanja. Anawaphunzitsanso kulandirana mtengo paphewa popanda kuima. Amuna ankang'ung'udza, ife amayi tinkafa nazo nseko kuona abambo a ndevu zawo akubwezedwa ngati ana a sukulu. Pa ulendo wawo womaliza chaka chatha, ali gone pa machila omwewo, chifuwa chikuwalira, anatsegula diso limodzi n'kuuza wakumbuyo kuti, "Iwe, sintha mwendo. Ukuyesa wanyamula fodya?"

Nkhokwe ya odwala inayamba ndi maliro a akazi awo, a Nabanda. A Sajeni anali atangopuma usilikali. Mayiwo anadwala m'mimba m'nyengo imene fodya anali adakali m'chigafa, m'nyumba mulibe chogulitsa. Chipatala cha boma chili kutali kuboma, mitsinje itadzaza. Cha mishoni chili pafupi, ndipo amathandiza bwino, koma n'cholipira. A Nabanda anabisa ululu, nati adikire kaye fodya apite kumsika. Mmene a Sajeni anazindikira kukula kwa matendawo n'kuthamanga nawo, madzi anali atafika kale m'khosi. Ambiri tikaferedwa timafunafuna mfiti. Iwo anafunafuna nsungwi. Analuka nkhokwe yaikulu pakati pa mudzi, n'kuyenda khomo ndi khomo kupempha kuti banja lililonse likakolola lizithiramo dengu la mtedza. Wina akadwala matenda ofuna chipatala cha mishoni, mtedza uzitapidwa, ukagulitsidwe ku Mponela, munthuyo apite osayamba wayang'ana kuchigafa.

Pa nkhokwe imeneyi anakangana ndi aliyense. Anakangana ndi akatekisiti amene ankafuna kuti ikhale ya akhristu a mpingo wathu okha, nawafunsa ngati udzudzu umayamba wafunsa kalata ya ubatizo. Anakangana ndi ife amayi tikabweretsa mtedza wa mphwephwa pansi, wabwino pamwamba. Ankapisa mkono mpaka m'chigongono, n'kutulutsa mphwephwazo, n'kukuyang'ana, iwe n'kumalakalaka nthaka itang'ambika. Ine zinandichitikirapo, ndipo musandifunse kangati. Anakangananso ndi wina amene ankafuna kutapa mtedza kuti agulire bokosi la maliro. Anamuuza mosapsatira kuti nkhokweyo ndi ya amoyo, akufa ali ndi adzukulu awo. Tsiku limenelo ambiri tinawaona ngati munthu wopanda chisoni.

Chimene sindidzaiwala chinachitika zaka zingapo zapitazo, m'chilimwe, mvula ili pafupi. Mng'ono wanga Esinati anali ndi pakati potopa. Anamwino a kusikelo anamuuza kuti mwana wagona chopingasa, ndipo asayerekeze kuchirira pakhomo. Anayenera kukakhala kuchidikiro ku chipatala cha mishoni mvula isanatseke njira, chifukwa zinkaoneka kuti padzafunika opaleshoni. Mwamuna wake anali atapita ku Joni n'kungoti zii. Chiyembekezo chathu chonse chinali m'nkhokwe ija, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti wotsatira kutapiridwa ndi Esinati.

Ndiye kunabwera akuba ng'ombe. Anayamba midzi ya kumunsi, kenaka anafika kwathu. Tsiku lina kutacha tinapeza khola la a Sajeni lili pululu, mipiringidzo ili pansi. Ng'ombe zawo ziwiri zapangolo, zomwe zija zinkatsika ndi odwala, zinali zitapita. Amuna analondola mapazi mpaka kumsewu waukulu, kumene anathera pa matayala a galimoto.

Mudzi unatentha. Amene anatsogolera mkwiyowo anali Mateyu, mwana wa mlongo wawo wa a Sajeni, mlimi wa fodya wolimbikira amene anali ndi ng'ombe zambiri kuposa aliyense. Maganizo ake anali oti mtedza wa m'nkhokwe ugulitsidwe wonse, agule matochi, mawezulo, zikwanje ndi majombo, ndi kulemba anyamata oti azilondera usiku. Ndisaname, mfundo zake zinali zomveka. Ankati ng'ombe zikatha, ngolo zaima, manyowa atha, ndipo njala ndi imene imabala matenda. Ankati matenda sitikuwaona, koma akuba tawaona ndi maso. Pamsonkhano wa mudzi amuna onse anavomera. Ndipo palibe ankakayika kuti a Sajeni, msilikali, mwini ng'ombe zobedwazo, ndi amene adzakhale mkulu wa alondawo. Anyamata anali atayamba kale kuyeserera sawasha. Pamsonkhanopo a Sajeni anangonyamuka n'kumapita, anthu n'kumati mtima ukuwapweteka chifukwa cha ng'ombe zawo.

Ine ndinabwerera kunyumba. Esinati anali khale pamkeka, mapazi otupa atawatambasula, ndipo sanandifunse kanthu chifukwa anaona nkhope yanga.

M'mawa mwake amuna anabwera ndi matumba. Ife amayi tinkaonerera chapatali, mitsuko ili pamutu. Anafika pankhokwe n'kupeza denga lachotsedwa kale, laikidwa pansi bwinobwino, makwerero atatsamira. Mateyu anakwera, nasuzumira m'kati, ndipo tinangoona wabwerera m'mbuyo pang'ono kugwa. Kenaka pamwamba pa nkhokwe panatulukira chipewa, kenaka mutu wa imvi. A Sajeni anali atakhala m'katimo pamwamba pa mtedza, miyendo atapinda, atavala jekete lawo la tchalitchi.

"Atsibweni, mukutani m'menemo?" anafunsa Mateyu.

"Ndakhala."

"Tulukani, anthu akudikira. Tinagwirizana dzulo."

"Munagwirizana. Tapani. Koma muyambe mwatapa ineyo, chifukwa ndili pamwamba."

Wina anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'khosi. Ndani angagwire munthu wamkulu ngati uyo n'kumukoka miyendo? Makamaka Mateyu, amene mayi ake anabadwa mimba imodzi ndi munthuyo, amene ukwati wake anakamanga ndi iwowo?

"Ng'ombe zabedwazi n'zanu, atsibweni," anatero Mateyu. "Ife tikulirira inu. Kodi inu simukumva kupweteka?"

"Ndikumva, mphwanga. Sindinagone. Ng'ombe zija ndinkaziitana mayina."

"Nanga tsono?"

"Tsono ng'ombe ndidzagula zina, kapena sindidzagula. Uyo ali apoyo mukamugula kuti?"

Sanaloze ndi chala. Anangotembenuza mutu, ndipo tonse tinatembenuka nawo. Esinati anali ataima pakhomo pa nyumba yanga, dzanja lina pachiuno, lina atagwira mzati. Sindikudziwa kuti anatuluka nthawi yanji. Ndinamva manyazi m'malo mwake, ndinamvanso mantha, chifukwa amuna ena anayamba kung'ung'udza kuti mudzi wonse usavutike chifukwa cha mkazi mmodzi amene mwamuna wake anathawa.

A Sajeni anawamva. Mawu aja owoloka dambo anatuluka. "Wanena zimenezo ndani? Abwere pano anene ndikumuona! Lero ndi mkazi mmodzi. Mawa ndi mkazi wako, iwe Lukasi, amene ndikukuona ukubisala kumbuyo kwa anzako. Tsoka silinunkha. Ine ndagwirapo mfuti, inu simunaigwirepo. Ndikukuuzani kuti mukagula zikwanje mudzafuna pozigwiritsa ntchito, ndipo tsiku limenelo mudzafuna nkhokwe ino muipeze yodzaza."

Amuna sanachoke, iwonso sanatuluke. Dzuwa la mwezi umenewo mukulidziwa. Linakwera, linafika paliwombo, nkhokwe ilibe denga, munthu wokalamba ali m'kati ndi jekete. Ndinapita ndi chikho cha madzi, ndinakwera makwerero, ndipo ndinaona thukuta likutsika m'makwinya a nkhope yawo, milomo itauma gwa. Analandira, namwa, nandiuza motsitsa mawu kuti, "Pita ukamuuze mng'ono wako alowe m'nyumba, asaime padzuwa. Ayambe kulongedza." Anandibwezera chikhocho. Ndinatsika ndikulira, osati chifukwa cha chisoni chokha. Ndinali ndisanaonepo munthu akumenya nkhondo atakhala pansi.

Dzuwa litapendeka, amuna anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense ndi thumba lake lopanda kanthu. Anatsala Mateyu yekha, atakhala pamwala, mutu uli m'manja. Pamenepo a Sajeni anamuitana.

"Mphwanga, tamvera. Ng'ombe zonse za m'mudzi muno zizigona khola limodzi, pakati pa nyumba. Mlonda ndikhala ine. Sindifuna tochi, sindifuna jombo, nsapato ndili nazo."

"Pa msinkhu wanuwo?"

"Tulo tinandithawa kale. Bola ndizikhala maso pa chifukwa."

Mateyu anangogwira makwerero kuti atsibweni ake atsike, ndipo atafika pansi miyendo inawakanika, mpaka anachita kuwakhazika.

Mtedza unatapidwa sabata yomweyo. Esinati anatsika pa machila, poti ngolo inalibe ng'ombe, ndipo amene ananyamula anali amuna omwe aja a matumba. Mvula yoyamba inamupeza ali kale kuchidikiro. Anamuchita opaleshoni. Adokotala anandiuza ine ndemwe, monga womudikirira, kuti akanayesa kuchirira kumudzi tikanataya onse awiri. Lero Esinati akulima, ndipo mwanayo ndi mtsikana wamakani amene salola kumutuma kawiri.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepo, koma a Sajeni sankakonda nkhani zodula mchira. Analonderadi dzinja lonselo. M'mawa tikamapita kumunda tinkakumana nawo akuchokera kukhola, bulangete lili chinyowere paphewa, ali ndi ndodo chabe, akulondera ng'ombe za eni pamene zawo zinapita. Chakumapeto kwa dzinja anagwidwa chibayo n'kugona masiku angapo. Anyamata amene anawalowa m'malo anagona tulo, ndipo akuba, amene ayenera kuti ankazonda, anabwera. Zinapita ng'ombe za Mateyu, zapangolo ndi yamkaka yomwe.

Atangotha kuimirira, a Sajeni anapita kwa Mateyu. Ine ndinali pamtondo pafupi ndipo ndinaona. Anavula chipewa pamaso pa mphwawo, chinthu chimene mwini mbumba sachita, n'kunena kuti, "Ndinalonjeza, ndalephera. Mlandu ndi wanga." Sanatchule za Esinati, sanadziteteze. Mateyu anawayang'ana, nalowa m'nyumba, natseka chitseko. Chaka chimenecho fodya wake anachita kusenza pamutu kuchokera kumunda, ndipo mwana wake wamkulu anasiyira sukulu ya sekondale panjira. Zimenezi a Sajeni zinkawadya. Nthawi ina ndinawafunsa ngati amanong'oneza bondo. Anati amanong'oneza tsiku lililonse, koma atati abwerere, akhoza kukweranso makwerero omwewo. Anati posankha pakati pa zinthu ziwiri zofunika, usamanamize anthu kuti chimene wasiyacho chinali chopanda ntchito.

Mateyu sanathirenso dengu lake m'nkhokwe. Mkazi wake ndi amene ankabwera nalo mozemba, atalifunditsa chitenje, ndipo a Sajeni ankalandira osapisamo mkono.

Chifuwa chija sichinawasiyenso. Chaka chilichonse nyengo yozizira ikafika chinkabwerera, mpaka chaka chatha chinabwera chokwiya. Ambiri tinkaganiza kuti munthu wouma mtima ngati uja akana kuti nkhokwe itsegulidwe chifukwa cha iye, ati isungidwire ana. Tinalakwitsa. Anaitanitsa amayi osunga nkhokwe n'kunena kuti, "Katapeni. Ndinathiramo ngati wina aliyense. Ndikakana ine, mawa wosauka adzachita manyazi kupempha, adzati ngakhale a Sajeni sanadyeko." Mpaka pamenepo anali akutiphunzitsabe. Anagonekedwa ku chipatala cha mishoni, anawasamalira bwino, koma thupi linali litatopa. Mateyu anapita kukawaona. Zimene anakambirana palibe akudziwa, ndipo ine sindipeka.

Chaka chino akuba abweranso. Tsopano akuyenda pa njinga zamoto, akutenga mbuzi ndi nkhumba, ndipo sabata yatha analowa m'khola la mayi wamasiye kumapeto kwa mudzi n'kumusiya alibe kanthu. Anthu akwiya, ndipo ali ndi chifukwa. Mateyu, amene tsopano naye imvi zayamba, waitanitsa msonkhano Loweruka, ndipo nkhani yake ndi yomwe ija. Sindimuda. Iye analipira mtengo umene enafe sitinalipire. Koma mkazi wa Lukasi ali ndi chotupa m'mimba chimene akuti n'chofunika opaleshoni, ndipo Lukasiyo akungoyenda chowerama, osadziwa kuti Loweruka akaime mbali iti.

Lero masana ndinapita kunkhokwe ndekha. Udzu wamera m'munsi mwake, ndipo dothi limene tinamata mwezi wathawu layamba kale kugamuka mbali imodzi, poti panalibe wotibweza. Pabwalo panali zii, nkhuku zokha zikupalasa. Ndinaimika makwerero. Mawondo angawa masiku ano amakana ngakhale chitunda cha kutchalitchi, koma ndinakwera, mtima ukugunda ngati ndikuba. Ndinatukula denga pang'ono n'kusuzumira. Mtedza wadzaza bwino chaka chino, wouma, wonunkhira dothi, uli see popanda pamene pakhala munthu. Pakati pa mtedzawo ndi denga patsala danga lokwana munthu mmodzi wopinda miyendo. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali, ndikuliyeza ndi maso. Loweruka ndi mkuja.